Lamya Yolira Masana

Joni, 10 Malichi 1957

Okondedwa amake Doris,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji inu, mwana wathu Doris ndi apongozi? Mwendo wawo uja unasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, kungoti mphuno zauma ndi fumbi la m'migodi, ndipo madzi akuno sakoma ngati a mu Nsuwadzi.

Ndachedwa kulemba chifukwa ndimafuna ndiyambe ndapeza chonena chogwira mtima. Ntchito ndaipeza, ndipo ndi pakampani pomwe paja ankagwira achimwene anu a Jeremiya. Adiresi ya pakalata yawo yomaliza ija ndiyo inandilondolera. Ndinaima pageti masiku anayi. Tsiku lachisanu kunatuluka mzungu wamtali, wotsimphina, dzina lake Peterson, n'kundifunsa kwathu. Nditati ku Nyasaland, ku Thyolo, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anangoti, "Lowa." Anzanga amene anatsala pageti ankanong'onezana kuti ndili ndi mankhwala.

Kampaniyi imaika ndi kukonza lamya m'maofesi ndi m'migodi. Ofesi yathu ili pansanjika yachinayi. Azungu amakwera pachikepe, ife timakwera ndi miyendo. Ntchito yanga ndi kupereka makalata, kupukuta makina ndi kuwiritsa tiyi kawiri patsiku. Musandiseke. Ndinathawa tiyi ku Thyolo, ndadzapezanso tiyi ku Joni. Ndikatsegula paketi ndimayamba ndanunkhiza, n'kumaganiza kuti mwina masambawa anadutsa m'manja mwanu.

Tsopano za alamu. Ndinafunsa dona amene amatayipa makalata ndi kuyankha lamya, Misi Hazel. Sindinaulule chibale, ndinangoti ndi munthu wakwathu. Iye anati a Jeremiya anapita paulendo wa ntchito ndi a Peterson mwezi wa Novembala, ndipo kumeneko anathawa ntchito. Nkhani inathera pomwepo. Pali mkulu wina wosesa, a Fabiano, a ku Mulanje, amene atha zaka makumi awiri kuno. Nditatchula dzina la alamu anagoneka tsache pansi n'kupita kukatsuka makapu amene anali otsuka kale.

Andipatsa ovololo yakale yovala pantchito. Miyendo yake yandifupikira, ndipo pabondo pali chigamba chosokedwa mopingasa, monga timasokera matumba ku esiteti kwathuko. Sindinafunse mwini wake.

Kuno nthochi imodzi amagulitsa mtengo umene kwathu mungatenge nawo mkoko wonse. Ndatumiza bulangete ndi nsalu ziwiri kudzera mwa munthu wa ku Bvumbwe amene akubwerera sabata ino. Nsalu imodzi mukapatse a Teleza, muwauze kuti amuna awo a Jeremiya ndikuwafunafuna, asataye mtima. Doris asamapite nanu kukathyola tiyi ngakhale kapitawo atanena chiyani. Malo ake ndi kusukulu.

Ndatha ine mwamuna wanu,
Malizani

Joni, 14 Epulo 1957

Amake Doris,

Kalata yanu inandipeza Lachitatu ndili wamphamvu, ndipo ndakondwa kumva kuti nonse muli moyo. Mbuzi yabereka ija musaigulitse. Denga la khitchini lidikire udzu wa mwezi wa Juni.

Ndafunsa alamu ku makomboni atatu a migodi, kuchipatala ndi kutchalitchi kumene amasonkhana anthu akwathu tsiku la Sabata. Onse akuti anawaona komaliza mwezi wa Okutobala. Wina anaseka n'kunena kuti, "Musavutike, ameneyo watchona, ali ndi mkazi ku Natala." Inu mukuwadziwa achimwene anu. Munthu amene ankalemba kalata mwezi uliwonse osaphonya angatchone mwakachetechete chonchi?

Kuofesi andionjezera ntchito. Nthawi ikakwana wani koloko azungu onse amapita kukadya, ndiye Misi Hazel wandiphunzitsa kukhala pabolodi la lamya kufikira atabwerako. Bolodi limeneli ndi lalitali ngati chitseko, lodzaza ndi timabowo, ndipo pamwamba pa kabowo kalikonse pali kanyali. Munthu akaimba, kanyali kake kamayaka. Ine ndimavala zomvera kumakutu, n'kulowetsa chingwe m'kabowoko, n'kunena pa Chingerezi kuti mabwana akudya, imbaninso thuu koloko. Sitandade sikisi yanga ya ku Makwasa yagwira ntchito tsopano.

Pali chinthu chimodzi chimene sindikuchimvetsa. Kalatayi muwerenge nokha, musapite nayo kwa aphunzitsi.

Kumapeto kwa mzere wapansi kuli kanyali ka nambala naini. Lolemba lapitali, ofesi ili zii, dzuwa likuwala pamawindo onse, kanyaliko kanayaka. Ndinalowetsa chingwe n'kupereka moni. Palibe anayankha. Ndinangomva mphepo, mphepo ya pamalo opanda mitengo. Kenaka ndinamva likhweru: awiri aafupi, limodzi lalitali lokwera kumapeto. Amake Doris, mukukumbukira m'mene alamu ankatiitanira ali kutsidya kwa munda wa tiyi, chifunga chikatseka mizere? Ndi lomwelo.

Misi Hazel atabwera ndinamuuza kuti nambala naini inaimba. Anaseka. Akuti waya wa nambala imeneyo umapita kunyumba yopopera madzi kutali ku Free State, koma nyumbayo inatsekedwa chaka chatha ndipo lamya yake anaichotsa. "Nthawi zina mawaya amakhudzana pakawomba mphepo," anatero. Mwina n'zoona. Ine za mawaya ndikungoziphunzira kumene.

Koma Lachiwiri kanayakanso, Lachitatu chimodzimodzi, nthawi yomweyo, azungu akangotsika pachikepe.

A Teleza musawauze zimenezi. Palibe chimene ndapeza.

Wanu,
Malizani

Welkom, 26 Meyi 1957

Amake Doris,

Moni kwa inu ndi onse pakhomopo. Ine ndili bwino, milomo yokha ndiyo yang'ambika ndi mphepo. Musadabwe ndi dzina la pamwambapa, ndili paulendo wa ntchito. A Peterson anapempha kwa bwana wamkulu kuti ndiziyenda nawo, ndiye tatha masabata awiri tikuzungulira migodi yatsopano ya kuno, kuika lamya m'maofesi mwawo.

Dziko lino silingakukondweretseni. Ndi lathyathyathya ngati mphasa, udzu wofiirira kufikira kumene maso alekezera. Phiri n'lomwe anthu aunjika okha ndi mchenga wa mumgodi. Ndimadzuka n'kuyang'ana kumene kukanakhala phiri la Thyolo, ndimapeza thambo lokhalokha. Iwo amagona m'hotela, ine m'galimoto ya kampani pamodzi ndi mawaya, koma andigulira jasi lochindikala.

Lamulo lakuno sililola munthu wakuda kugwira ntchito ya waya. Imeneyo akuti ndi ya azungu, ife yathu ndi kunyamula makwerero. Koma tikangotuluka m'tauni, a Peterson amayang'ana uku ndi uku, n'kundipatsa lamba ndi pulayala kuti ndikwere pholo ndine. Mwendo wawo unavulala kunkhondo, sangakwere, ndipo kuofesi sakudziwa kuti wafika poipa chotere. Andiphunzitsa kulumikiza waya ndi kuyesa ngati ukugwira. Tili ndi kalamya kam'manja kokhala ndi timano tiwiri. Ukalumitsa timanoto pawaya, ukhoza kuyankhula ndi ofesi ya ku Joni uli pamwamba pa pholo pakati pa tchire.

Mzungu ameneyu sindikumumvetsa. Satukwana, samenya. Koma ndisanakwere amayendera lamba wanga katatu, ndipo tsiku lina nditatambasula dzanja ndisanavale magolovesi anakuwa mpaka mbalame zinabalalika. Nditatsika ndinapeza akulephera kuyatsa ndudu.

Lachinayi tinali pamphambano ina. Chikwangwani chinkaloza kumanzere kuti ndiko kufupi, ndipo mapolo athu ankatsata msewu womwewo. Iwo anakhotera kumanja, njira yozungulira imene inatidyera theka la tsiku. Nditafunsa anati msewu winawo ndi woipa. Koma ndinaona lole yodzaza ndi simenti ikutulukira komweko bwinobwino.

Madzulo a tsiku lomwelo ndili pamwamba, anandiitana ali pansi. Anati, "Jeremiya, tsika." Ndinayang'ana pansi, iwonso anayang'ana kumwamba. Nkhope yawo inayera ngati ufa.

Nandolo akayamba kukhwima muuze Doris aziingitsa mbalame akaweruka kusukulu. Ndasowa kalongonda, amake Doris. Kuno sakumudziwa n'komwe.

Ine wanu,
Malizani

Joni, 7 Julayi 1957

Amake Doris,

Ndikhulupirira muli bwino ngakhale chiperoni chakuvutitsani monga mwalembera. Ine ndinagona masiku asanu ndi chifuwa, koma tsopano ndadzuka. Kuno kumazizira mpaka madzi kuuma m'ndowa.

Zimene mwalemba zandipweteka. Mukuti amalume a a Teleza atuma mawu kwa ankhoswe kuti ukwati uthe, poti a Jeremiya atchona ndipo pali mwamuna wina wa kufakitale amene akufunsira. Mukutinso apongozi asiya kupita kumsika chifukwa cha zonena za anthu. Mukawapemphe ankhoswe, mogwada, kuti adikire mpaka tiyi adzayambe kuphuka ndi mvula yoyamba. Mukanene kuti ndapempha ndine.

Nditadwala, a Fabiano ndiwo ankandibweretsera phala. Tsiku lachitatu anakhala pamphepete pa bedi n'kunena kuti, "Mphwanga, iwe si munthu wakwawo chabe. Ndi mlamu wako, eti?" Ndinavomera. Anatuluka, n'kubwerako ndi kathumba ka pepala. M'katimo munali nsapato zakuda, zija alamu anajambulitsa atavala pachithunzi chili kwa apongozi.

Anati, "Galimoto inabwerako Lolemba, mzungu ali yekha. Anandiuza kuti nditsuke kumbuyo, ndipo zonse zimene ndipezemo nditenthe. Bulangete ndinatentha. Izi manja anakana. Wamisala anaona nkhondo, mphwanga, wosesanso amaona. Munthu wothawa ntchito sasiya nsapato zake."

Ndinawafunsa chifukwa chimene anakhalira chete miyezi yonseyi. Anati chitupa chawo chili m'manja mwa kampani, ndipo ali ndi ana kukomboni ya ku Orlando. Sindinawadzudzule.

Nditabwerera kuntchito kanyali kaja kanayaka monga mwa masiku onse. Ulendo uno sikunali likhweru. Ndinamva mawu, otsika, ngati a munthu wotopa kwambiri, m'Chilomwe chathu chomwechi. Anati, "Alamu, bwanji simukuyankha?"

Ndinangokhala chigwirire chingwe mpaka kanyaliko kanazima kokha.

Ndimapemphera, amake Doris. Ndikudziwa zimene tinaphunzitsidwa, kuti akufa sadziwa kanthu. Koma makutuwa ndi anga. Nanunso muzindipempherera.

Malizani

Joni, 18 Ogasiti 1957

Amake Doris,

Moni. Ndili moyo, chifuwa chinatha. Ndathokoza kuti ankhoswe avomera kudikira. Ndatumiza nsapato za Doris ndi shuga wa apongozi, mukafunse kusitolo ya ku Boma kumene timalandirira katundu.

Zinthu zasintha muofesi muno. Sabata yathayi a Peterson sanapite kukadya, anatsalira kulemba malipoti. Ine ndinali pabolodi. Kanyali kanayaka. Sindinakhudze chingwe, ndinangotembenuka n'kunena kuti, "Bwana, nambala naini ikuitana."

Anati, "Nambala naini kulibe."

Ndinati, "Bwerani muone."

Anabwera akukoka mwendo wawo. Anaima kumbuyo kwanga, ndikumva mpweya wawo pakhosi panga. Kenaka anandilanda zomvera zija n'kulowetsa chingwe okha. Sindikudziwa chimene anamva. Ndinangoona maso awo ali tong'o, pakamwa pakuyenda popanda mawu. Anavula zomverazo pang'onopang'ono, n'kuzungulira kuseri kwa bolodi ndi pulayala. Anadula mawaya onse awiri a nambala naini, n'kuwaika m'thumba la malaya awo ngati munthu wobisa nyama yakuba.

Tsiku lotsatira, wani koloko, kanyali kanayaka.

Tsiku limenelo Misi Hazel anachedwa kutuluka, ankamaliza kutayipa kalata ya bwana wamkulu, ndiye anaona ndi maso ake. Anapita kuseri kwa bolodi, anaona mawaya odukawo, anabwerera n'kuyang'ananso kanyali kali ngwee. Sanaseke ngati kale. Anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Malizani, amene amaimbayu ndani?" Ndinati, "Dona, afunseni a Peterson." Kuyambira tsikulo amaphimba mzere wapansiwo ndi mpango wake akamagwira ntchito.

A Peterson awonda. Tiyi amene ndimawaikira patebulo ndimakamuchotsa atazizira, osamwedwa. Akamadutsa pafupi ndi ine amayang'ana pansi.

Dzulo bwana wamkulu anawaitana. Chitseko chinali chotsegula, ine ndikupukuta makina pafupi. Akuti a mgodi akufuna kuti waya wonse wopita kunyumba yopopera madzi ija uchotsedwe, mkuwa wake ukagwire ntchito kwina. A Peterson anati atumize wina. Bwana anati palibe wina amene akuidziwa njirayo. Anakangana pang'ono, koma mawu a bwana ndiwo anapambana. Tinyamuka pa 2 Sepitembala, awiriwiri.

A Fabiano akuti ndisapite, ndinamizire kudwala. Akuti munthu amene wabisa chinthu kamodzi sangalephere kubisa kachiwiri. Ndaganiza usana wonse walero. Koma ndinachokera ku Thyolo kudzatani? Adiresi yanu ndawasiyira a Fabiano. Mukapanda kulandira kalata yanga pofika kumapeto a Sepitembala, adzakulemberani ndiwo.

Mumpsompsone Doris m'malo mwanga.

Mwamuna wanu,
Malizani

Kroonstad, 8 Sepitembala 1957

Amake Doris,

Ndili moyo, ndili bwino m'thupi. Musanapitirire kuwerenga, khalani pansi, ndipo Doris mumutume kwa anzake.

Achimwene anu ndawapeza. Anatisiya chaka chatha, pa 16 Novembala. Sanathawe, sanatchone, sanakwatire mkazi wina. Ndaima pamanda awo ndi miyendo yangayi.

Ndikuuzani monga zinayendera. Tinafika pamphambano ija Lachitatu cham'mawa. A Peterson anaimitsa galimoto n'kukhala chigwirire chiwongolero. Kenaka anakhotera kumanzere. Tinayenda kutsata mapolo. Dzuwa litafika paliwombo tinaona kanyumba ka malata kotsekedwa ndi unyolo, ndipo chapafupi pake mawaya akuluakulu a magetsi a mgodi amadutsa pamwamba pa waya wathu wa lamya. Anaimitsa pamenepo. Mphepo yake nditangoimva ndinaizindikira. Ndi yomwe ija ya m'makutu mwanga masana aliwonse.

Ndinatsika, ndinatenga kathumba kaja, n'kuika nsapato za alamu pamwamba pa boneti. Ndinati, "Bwana, mwini wa nsapatozi ndi mchimwene wa mkazi wanga. Ali kuti?"

Ndinali nditagwira sipanala kumbuyo, poti mawu a a Fabiano anali m'mutu. Koma munthuyo anangokhala pansi m'fumbi, mzungu wathunthu, n'kuyamba kulira ngati mwana.

Anati tsikulo anali pachangu, ankafuna kukafika kutauni kusanade. Waya wamagetsi unali utalendewera chifukwa cha kutentha. Alamu anauona n'kunena kuti, "Bwana, uwu wayandikira." Iwo anayankha kuti magetsi ake ndi ozimitsa, kwera. Sanafunse kumgodi, anangoganiza. Alamu anavula nsapato zawo, poti ankazisamala, n'kukwera. Moto unawaponya pansi.

Sanafe nthawi yomweyo, amake Doris. Anakhala mpaka dzuwa kupendeka. Ndinafunsa kuti bwanji sanathamange nawo kuchipatala. Anati ankaopa. Akanafunsidwa kuti munthu wakuda amatani pamwamba pa pholo, ntchito yawo ikanatha, mwinanso kumangidwa. Anadziuza kuti adikire pang'ono, mwina munthuyo atsitsimuka.

"Anandipempha chinthu chimodzi," anatero. "Anati ndimulumikizire kalamya kam'manja, ayankhule ndi Fabiano kuofesi, kuti Fabiano alembe kalata kwawo. Ndinalumikiza pawaya wa pakhoma la kanyumbako, ndinamugwirizira kukhutu. Inaitana, inaitana. Inali wani koloko. Tonse timakhala titapita kukadya. Panalibe woyankha."

Sipanala ija inagwa yokha m'manja mwanga. Sindikudziwa ngati ndikanaigwiritsa ntchito. Mulungu ndiye akudziwa.

Kuseri kwa kanyumbako, patali pang'ono, kuli nyumba zitatu za anthu ogwira ntchito pafamu. Kunatuluka mayi wina wachisutu, dzina lake Margret, amene anationa tikufika. Tinamvana m'Chilapalapa cha m'migodi, chapang'ono chimene ndatola kuno. Iyeyu ndi mwamuna wake ndiwo anaika maliro, mzungu atawapempha kuti asanene kwa aliyense. Ananditengera pansi pa kamtengo kaminga. Manda ake ndi osamalika, ozungulizidwa ndi miyala yoyera, opanda udzu. Anati amasesapo Loweruka lililonse, chifukwa munthu ameneyu ali ndi amake kwinakwake. Anati anawasambitsa, anawakulunga m'bulangete lake lomwe iye ankafunda, ndipo amuna anayi anaimba nyimbo. Zimenezi mukawauze apongozi. Mwana wawo sanatayidwe ngati galu.

Nditachoka kumandako ndinavala lamba. A Peterson anati, "Usakwere, ndikupempha." Ndinawauza kuti apite kaye kumgodi akaone ndi maso awo kuti magetsi azimitsidwa, abwere ndi kalata. Anapita, anabwera nayo. M'mawa mwake tinayamba kuchotsa waya kuchokera kutali, ndipo pholo la alamu tinalifika masana.

Ndinakwera. Ndisanadule ndinalumitsa timano ta kalamya kaja pawaya, n'kuika kukhutu. Munali mphepo yokhayokha. Ndinayankhula m'Chilomwe. Ndinati, "Alamu, ndine Malizani. Ndayankha. Amayi ali moyo, a Teleza akudikira, mlongo wanu Esnat ali bwino, Doris wayamba kuwerenga. Uthenga wanu ndikaufikitsa ndine." Ndinadikira. Sindinamve kanthu. Ndinadula waya, unagwa pansi n'kudzipinda muudzu.

Mukawauze a Teleza inu nomwe, pamaso, ankhoswe alipo. Asamvere kwa anthu a m'njira.

Ine wanu m'chisoni,
Malizani

Joni, 6 Okutobala 1957

Amake Doris,

Moni kwa inu nonse amene muli pachisoni. Kalata yanu ndalandira. Ndamva kuti apongozi anakomoka, koma atatsitsimuka anapempha madzi osamba n'kupita okha kumsika kukauza anthu kuti mwana wawo sanali mtchona. Ndamvanso kuti a Teleza ameta, ndipo amalume awo anabwera kudzapepesa. Mwachita bwino kuwalandira.

Ine ntchito yatha. Tisanachoke ku Kroonstad ndinawauza a Peterson kuti alembe zonse papepala ndi dzanja lawo, asaine. Analemba mapepala awiri. Limodzi lili ndi ine, lina anakapereka okha kwa bwana wamkulu titangofika. Anatsekerana muofesi nthawi yaitali. Zotsatira zake n'zakuti a Peterson awasamutsira ku ofesi ya ku Kepi, kumene azikangokhala patebulo, ndipo ine andiuza kuti ntchito yanga yatha chifukwa ndinakwera pholo mosemphana ndi lamulo. Chitupa changa achidinda kuti ndituluke mu Joni. Ndinapita kupolisi ndi pepala lija. Wapolisi analiwerenga, anandibwezera, n'kundifunsa ngati ndikufuna kugona m'selo. Kuno zimatha choncho. Koma pepalalo ndikubwera nalo, a Teleza adzalisunge, ana awo adzaliwerenge akadzakula.

Tsiku lotsanzika Misi Hazel ananditsatira mpaka pamasitepe, kumene sindinamuonepo akuponda. Anandifunsa kuti Lachinayi lija, pa 5, wani koloko, ndinali kuti. Ndinati ndinali pamwamba pa pholo. Anati tsikulo sanapite kukadya. Kanyali kanayaka pansi pa mpango, ndipo analimba mtima n'kulowetsa chingwe.

"Ndinamva mawu ako," anatero. "Chiyankhulo chanu sindichidziwa, koma mawu ako ndimawadziwa. Unkayankhula ndi ndani?"

Ndinati ndinkayankhula ndekha.

Anapukusa mutu. "Ayi. Munali awiri. Iwe ukanena, winayo amavomera. Utamaliza anayankhula nthawi yaitali, kenaka anaseka pang'ono."

Amake Doris, ine sindinamve kalikonse pamwamba paja. Ndikanapereka chilichonse kuti ndidziwe zimene ananena. Dona uja akuti kuyambira tsikulo nambala naini sinayakenso.

Pali china chimene sindinalembe m'kalata yapita, poopa kuti mundiona ngati ndasiya chikhulupiriro. Pochoka pafamu paja, mayi Margret anavula duku lake, anatapa dothi la kumutu kwa manda, anamanga n'kundipatsa. Anati kwawo munthu akafera kutali, amene wabwera kudzamutenga amayenda akumuuza njira. Pokwera sitima umuuze. Posintha sitima umuuze. Powoloka mtsinje uliwonse umutchulire dzina lake, kuti asatsalire kutsidya. Ndipo ukafika kwanu usayankhule ndi munthu wina aliyense kufikira utamulowetsa pakhomo pa amake.

Ndalingalira kwambiri. Abusa adzanena zimene adzanene, ndidzawamvera ndikadzafika. Koma munthu ameneyu anaitana miyezi khumi popanda womuyankha, ndipo ine sindimusiya ayende yekha.

Ndinyamuka Lachisanu. A Fabiano adzandiperekeza kusiteshoni. Ndidzera ku Bulawayo ndi ku Salisbury, kenaka Dondo, ndidzawoloka Zambezi pa Sena ndi Shire pa Chiromo. Mulungu akalola ndidzatsika pa Luchenza Lachinayi la sabata yamawa, pa 17. Muwauze ankhoswe akonze malo pafupi ndi manda a apongozi aamuna. Bokosi silikufunika, ndi kaduku chabe.

Mubwere kusiteshoni inu ndi a Teleza. Doris atsale ndi agogo ake, chifukwa akandiona adzandithamangira ndipo ine sindidzatha kumuyankha. Inunso musadzandipatse moni, musadzandilandire chikwama, ndipo musadzalire panjira. Mudzangotsogola, ife tizidzabwera pambuyo panu. Mukadzamva ndikuyankhula ndekha m'minda ya tiyi, musadzatembenuke. Ndidzakhala ndikuwauza alamu kuti tatsala pang'ono kufika.

Ndatha ine mwamuna wanu,
Malizani